NVDA: kompyuta yanga yakale tsopano imandiwerengera

Maso anga anasiya kuona ndili ndi zaka 34. Kwa nthawi yaitali makalata a ku ntchito ankandiwerengera mdzukulu wanga, ndipo kunyumba chinsinsi chinatha. Mnzanga wina ndiye anandiikira NVDA, pulogalamu yowerengera anthu osaona mokweza zolembedwa pa kompyuta, pa laputopu yanga yakale ija, yomwe batire lake silikhalitsa magetsi akathima.

Pulogalamuyi ndi yaulere, simulipira ngakhale tambala. Anaiyambitsa Michael Curran ku Australia mu 2006, kenako anagwirizana ndi James Teh. Onse awiri ndi osaona, ndipo zimaonekeratu kuti anaipanga anthu odziwa vuto lake. Imagwira pa Windows pokha.

Ndikadina mabatani a Ctrl, Alt ndi N pamodzi, imadzuka n'kuyamba kuyankhula. Insert ndi muvi wolozera pansi imawerenga kalata yonse mpaka kumapeto. Ikachulutsa zokamba, Ctrl imaitontholetsa. Chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti mutha kuinyamula pa flashi. Ndikapita kwa achimwene ku Zomba, ndimangobaya pa kompyuta yawo, osaika chilichonse.

Mawu ake poyamba amamveka ngati wailesi yosagwira bwino, koma khutu limazolowera pakatha sabata imodzi. Pa Chichewa ndinapeza njira yanga: ndimasankha mawu a Chiswahili m'malo mwa a Chingerezi, chifukwa amatchula zilembo zathu momveka bwinoko. Mdzukulu uja amaseka akamva makinawo akuvutika ndi "ng'ombe", koma ine uthenga wa mlamu wanga ndimaumva wonse, pandekha, chitseko chili chotseka.