Moto wa mu Juni ndi wa mu Okutobala pa phiri la Zomba

Moto wa mu Juni umayenda chokwawa. Udzu umakhala usanaumitsitse, choncho malawi amangonyambita zinyalala, n'kuzima usiku mame akagwa. Misuku ndi mitengo ya mombo imapirira, ndipo posakhalitsa msipu umaphuka pa lupsa, agwape n'kupeza chakudya.

Wa mu Okutobala ndi wolusa. Udzu wauma gwa, mphepo ikuwomba, malawi amakwera mpaka kunsonga. Paini wobzalidwa pamwamba pa phiri akapsa saphukanso. Nthaka imatsala pambalambanda, ndiye mvula yoyamba imakokolola phulusa ndi dothi kupita mu Mulunguzi, damu lomwe limamwetsa mzinda wathu. Izi zimandiwawa mumtima.

Bola kuotcha koyambirira, koyang'aniridwa ndi a zankhalango, kusiyana ndi moto woyatsa osaka mbewa m'chilimwe.