e-codices: mabuku akale a ku Switzerland mungawaone kwaulere, koma kuwawerenga ndi ntchito yanu

Webusaiti ya e-codices inayamba mu 2005 pa yunivesite ya Fribourg ku Switzerland, ndipo poyamba inkajambula mabuku olembedwa pamanja a laibulale imodzi yokha, ya ku nyumba ya amonke ya St. Gallen. Lero ili ndi mabuku oposa 2,000 ochokera m'malaibulale ambiri, kuphatikizapo a ku Einsiedeln, Engelberg ndi Fondation Martin Bodmer ya ku Cologny. Munthu salipira kalikonse ndipo safunika kulembetsa dzina kuti aone masamba ake, zomwe ndi zachilendo ndithu pa zinthu zothandiza pa kafukufuku wa mbiri yakale, chifukwa zambiri zotere zimafuna kuti yunivesite yanu ikhale inalipira kale.

Mphamvu yeniyeni ya webusaitiyi ili pa ubwino wa zithunzi zake. Buku lililonse analijambula lonse, kuyambira pachikuto mpaka pamasamba opanda kanthu, ndipo mungakulitse chithunzi mpaka kuona mizere imene mlembi anakanda pachikopa asanayambe kulemba, ngakhalenso mabowo amene ali pachikopacho. Chitsanzo chabwino ndi Cod. Sang. 904 (kutanthauza buku nambala 904 la ku St. Gallen), buku la galamala ya Chilatini ya Priscian lomwe amonke a ku Ireland anakopera cha m'ma 850. M'mphepete mwa masamba ake muli timawu masauzande ambiri, tina ta Chilatini, tina ta Chiairishi chakale, ndipo pena mlembi akudandaula za inki yochepa mphamvu, pena walemba ndakatulo yosangalala kuti mphepo yakula panyanja usiku umenewo moti achifwamba a kumpoto sangathe kuwoloka. Timawu totere, kawirikawiri mabuku osindikizidwa amatichotsa pamalo pake n'kutiika padera, koma pano mumationa pomwe dzanja la mlembiyo linatiika, pafupi ndi mzere umene ankavutika nawo.

Ofufuza za mapemphero ndi nyimbo za tchalitchi adzakonda Cod. Sang. 359, buku la nyimbo za pa Misa la m'ma 920, lomwe lili ndi timizere tosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu nthawi imene anthu anali asanayambe kulemba nyimbo pa mizere. Mulinso Abrogans, lomwe ambiri amati ndi buku lakale kwambiri la Chijeremani lomwe lilipobe, komanso mapu otchuka a nyumba ya amonke omwe anajambulidwa pachilumba cha Reichenau ku Germany cha m'ma 820 pa zikopa zisanu zosokedwa pamodzi.

Koma wowerenga adziwiretu kuti e-codices imakupatsani buku, osati kumasulira kwake. Nthawi zambiri simupezamo mawu a m'bukulo atalembedwa m'zilembo zamakono, choncho amene sadziwa Chilatini ndiponso sanaphunzire kuwerenga zilembo zakale ndi zidule zake adzangosirira zithunzi basi. Mawu achidule ofotokoza buku lililonse alipo m'Chingerezi, Chijeremani, Chifalansa ndi Chitaliyana, koma mafotokozedwe atsatanetsatane amakhala m'chinenero chimene analembedwamo poyamba, ndipo ambiri a St. Gallen ndi ochokera m'ndandanda ya Chijeremani imene Gustav Scherrer anasindikiza mu 1875. Ine sindikuona ngati kumeneku ndi kulakwitsa, popeza ndandandayo ndi imene akatswiri akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, komabe wophunzira ayenera kuyang'ana chaka cha mafotokozedwe aliwonse asanawakhulupirire pa nkhani ya nthawi imene buku linalembedwa.

Pofufuza, mungasankhe mabuku potengera laibulale, zaka, chinenero kapena malo amene anachokera, ndipo zimenezi zimayenda bwino ngati mukudziwa nambala ya buku kapena dzina la wolemba. Chifukwa chakuti webusaitiyi imatsatira njira ya IIIF, yomwe malaibulale ambiri amagwiritsa ntchito pogawana zithunzi pa intaneti, mungaike buku la ku St. Gallen pambali pa lina la ku laibulale ya dziko lina n'kumayerekezera kalembedwe kake. Zithunzi zikuluzikulu zotere zimadya bando mwamsanga, choncho amene amagwiritsa ntchito intaneti ya pafoni angachite bwino kupeza kaye nambala ya tsamba limene akufuna asanayambe kutsegula masamba limodzilimodzi.