Kampani imene inatigulitsira nyumba ku Leicester m'nyengo ya Khirisimasi

Anthu ambiri ku England amalangiza kuti munthu asaike nyumba pamsika mu Disembala, popeza dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo ogula amakhala atatanganidwa ndi zokonzekera Khirisimasi. Kampani imene tinaipatsa ntchitoyi ku Leicester inali ndi maganizo ena, ndipo ndikuiyamikira.

Antchito ake anajambula zithunzi m'mawa kukuwala, atatipempha kuti tiyambe tachotsa zokongoletsa za Khirisimasi kuopa kuti zithunzizo zingadzaoneke zakale pofika Januwale. Anakonzeratu chikalata cha EPC chosonyeza mmene nyumba imagwiritsira ntchito mphamvu monga magetsi ndi gasi, chimene lamulo limafuna kwa pafupifupi aliyense wogulitsa nyumba, kenako anaika malondawo pa Rightmove, tsamba la pa intaneti lotsatsa nyumba, pa 26 Disembala, tsiku limene anthu ochuluka amakhala pakhomo akusakasaka nyumba pa intaneti. Odzaona nyumbayo anali ochepa, koma munthu wololera kuyenda m'chisanu chotere amakhala wofunadi kugula.

Chodandaulitsa n'chakuti sanatichenjeze kuti maofesi ambiri a maloya amatsekedwa mpaka chaka chatsopano, choncho mapepala anachedwa. Malipiro a kampaniyi nawonso si ochepa ayi, makamaka mukaphatikizapo msonkho wa VAT wa 20 peresenti.