Madzi a Blantyre: Shire kapena Likhubula?

Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Shire saphwa, ndiwo ubwino wake. Koma madziwo amawapopa chokweza mamita pafupifupi 800, ndiye ndalama zambiri za Blantyre Water Board zimathera ku magetsi. Magetsi akathima, mipopi ya ku Ndirande imangolira mpweya, zigubu zili ndondondo pa kiyosiki kuyambira mbandakucha. Tinazionera mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mvula yamkuntho ikagwa, Shire amadzaza matope, makina n'kutsekeka.

Madzi ena a mumzindawu ndi a mtsinje wa Likhubula, ochokera m'phiri la Mulanje, ndipo amatsika okha, safuna magetsi ambiri. Koma ndi ochepa, malita 20 miliyoni patsiku basi, ndipo m'chilimwe mtsinjewo umachepa madzi. Anthu a ku Mulanje anadandaulanso kuti madzi awo akupita kutauni iwo akutunga pachitsime, ndipo sindiwaona kulakwa.

Ine ndikuti Shire sitingamusiye. Ndalama zipite kaye pa magetsi a dzuwa oyendetsera mapampu, ndi kubzala mitengo m'mbali mwa mitsinje yothira mu Shire kuti matope achepe.