Miyezi 9 ndi bougainvillea kuno ku Dedza: amene anandiphera awiri ndi madzi

Dzulo mlamu wanga wa ku Ntcheu anandiimbira foni. "Alamu, maluwa anu aja akumpanda mumathirira kangati? Ndikufuna ndigule anga mvula isanayambe." Ndinayamba ndaseka, chifukwa funso lomweli ndi limene landidyera ndalama chaka chino. Mu Febuluwale ndinawayamikira kwambiri maluwawa nditangowagula, akadali obiriwira m'machubu. Lero ndanena kuti ndifotokoze zimene zachitika chiwadzalire.

Ndinagula bougainvillea 6, hibiscus awiri ndi mbande za duranta kwa mnyamata wina wa nazale m'mbali mwa msewu wa M1. Duranta ndilibe naye mlandu, wagwira yense ndipo mpanda wayamba kutseka. Hibiscus ali m'miphika yadothi pakhonde, akumasula bwino, kungoti ndi wosapirira ludzu: mukamuiwala masiku awiri mu Okutobala, mupeza maluwa osamasula ali mbwee pansi.

Nkhani ili pa bougainvillea.

Tsiku logula ndinafunsa za kathiriridwe. Mnyamatayo anati, "Mayi, m'mawa ndi madzulo, osaphonya." Nthawi imeneyo mvula inali ikugwa ndiye sindinavutike. Itasiya mu Epulo ndinayamba kutsatira lamulo lija ngati mankhwala a kuchipatala. Keni imodzi pa mtengo uliwonse m'mawa ndisanapite kuntchito, ina dzuwa likamalowa. Ndikachoka ndinkasiyira ana, ndipo ndikabwera ndinkakagwira nthaka kuti ndione ngati sanandinamize.

Amene mukudziwa Dedza mukudziwa Juni ndi Julayi wakuno. Chifunga chimatsika m'phiri, dzuwa limatuluka mochedwa, zovala zimakhala pachingwe tsiku lonse osauma. Nanga nthaka ingaume bwanji? Komanso kumpanda kwanga dothi lake ndi lamakande, losunga madzi. Ine zimenezo sindinaziganize. Masamba atayamba chikasu n'kumayoyoka, ndinati ludzu limeneli, ndiye ndinawonjezera madzi. Pamenepa ndi pamene ndimadzikwiyira mpaka lero.

Amene anandiimitsa ndi agogo ena oyandikana nafe, omwe anagwirapo ntchito ya m'maluwa zaka zambiri. Anandipeza m'mawa wina ndili ndi keni, atafunda bulangete, n'kuima kaye osalankhula. Kenako anati, "Mwananga, tazula kamodzi ako kafotako." Sikanalimbe n'komwe, kanangozuka ngati udzu wa m'dambo. Mizu inali yakuda, yoterera, khungu lake likusupuka ndi chala, fungo lake ngati la ndowa imene mwaiwalamo madzi sabata yathunthu. Anandifotokozera kuti mizu nayo imapuma, ndipo ikakhala m'matope imawola. Ikawola singathenso kukoka madzi, ndiye mtengo umafota ngati wauma, mwini wake n'kumathirirabe. Awiri anali atapita kale. Anayi otsalawo anati ndisawakhudze masabata atatu.

Zinali zovuta kumvera. Tsiku lililonse ndinkadutsa pampandapo dzanja likuyabwa. Koma chakumapeto kwa Ogasiti tinthambi tatsopano tinayamba kutuluka, ndipo mu Seputembala zinandidabwitsa: mtengo umene miyezi yonse unkangobala masamba unafiira wonse mpaka anthu odutsa kumsewu kumaima. Ndinazindikira mochedwa kuti bougainvillea, amene kwawo ndi ku South America, amamasula kwambiri akamva kuuma, ndipo madzi ochuluka ndi feteleza wambiri zimangomunenepetsa masamba. Ngakhale zofiira zimene timazitcha maluwazo ndi masamba chabe, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati. Mwana wanga wa Sitandade 6 ndi amene anakaona koyamba.

Panopa ndikuchita chonchi. Ndimalowetsa chala chonse m'dothi, ndikamva chinyezi ndimabwerera ndi keni yanga. Pakauma ndimathira madzi ambiri kamodzi, pafupifupi malita 10 pa mtengo, pang'onopang'ono kuti alowe pansi, osati kungonyowetsa pamwamba. Nyengo yozizira zimakwana kamodzi pa masabata awiri. Mu Okutobala muno kunatentha, ndinkathira kamodzi pa sabata. Mvula ikayamba ndisiyiratu. Hibiscus wa m'miphika yekha ndiye wa tsiku ndi tsiku kukatentha, poti mphika wadothi umauma msanga. Ndinayesa kuphimbira ndi mapesi a chimanga kuti chinyezi chizikhalitsa, chiswe chinabwera ngati ndachiitana, ndiye ndinachotsa.

Za ndalama tsopano. Mabilu a madzi a Meyi, Juni ndi Julayi ndikawayang'ana mtima umandipweteka, chifukwa ndinkalipira madzi ophera maluwa anga omwe. Bambo a kunyumba ankaganiza kuti paipi yaphulika penapake, mpaka anakumba kuseri kwa bafa. Sindinawauze msanga.

Ndinabwerera kwa mnyamata uja ndi kamtengo kowola kaja m'jumbo. Anakayang'ana, n'kunena kuti, "Aaa mayi, ine ndimanena za m'machubu. Mukadzala pansi zimasintha." Zoona, kachubu kali ndi dothi lodzaza dzanja limodzi ndipo kamauma tsiku lomwelo. Koma ankadziwa kuti ndikukadzala kumpanda, ndinamuuza ndi pakamwa panga. Titakambirana anandipatsa mbande imodzi yaulere, yachiwiri anati ndilipire, pamtengo watsopano, poti zinthu zakwera. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzapondanso pamenepo. Seputembala atafika mpanda uli psuu, mkwiyo unatha, ndinapezeka ndaimanso pomwepo ndikufunsa mtengo wa bougainvillea woyera. Mbande zake ndi zabwino, chilungamo chake n'chimenecho. Pakamwa pake ndiye sindipakhulupiriranso.

Mlamu ndamuuza kuti agule anayi okha kaye, adzale padzuwa, asakanize dothi ndi mchenga ngati pali makande. Kwawo cha kumunsi, mbali ya ku Bwanje, kumatentha kuposa kuno, ndiye masiku anga asawatenge ngati lamulo, azilowetsa chala. Wati ndimugulire konkuno Loweruka, ndalama atumiza pafoni. Ndamuuza awonjezerepo ya mbande yanga yachiwiri ija.