Kompulesa ya firiji yakale pa ntchito yomata mapiko a tindege: zimene ndaona patatha zaka ziwiri

Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito kompulesa yochotsedwa ku firiji yakale ngati pampu yokoka mpweya pomata mapiko a tindege timene timauluka moyendetsedwa ndi remote ya wailesi, ndipo ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ndifotokoze zimene chipangizochi chimatha ndi zimene chimalephera. Ndinene poyambirira pomwe kuti ndimachidalira ndipo ndilibe maganizo ochisiya, koma sindingalimbikitse munthu aliyense kuti achilumikize ku thumba la pulasitiki loikamo phiko pomata asanachiikire swichi yoyang'anira mphamvu ya kukoka, chifukwa kompulesa ya firiji ili ndi mphamvu zoposa zimene phiko la kandege lingapirire.

Phiko lotere limayamba ndi chidutswa cha polystyrene (pulasitiki yopepuka ngati ija yotetezera katundu m'makatoni) chimene chadulidwa ndi waya wotentha kuti chikhale ndi maonekedwe a phiko, ndipo pamwamba ndi pansi pake pamamatidwa thabwa lopyapyala la balsa kapena la obechi, kapenanso nsalu ya fiberglass yonyowetsedwa ndi guluu wa epoxy. Kuti zinthu zimenezi zigwirane pamafunika kuzipanikiza mofanana paliponse kwa maola ambiri, mpaka guluu atauma. Kale ndinkasanjika njerwa ndi matumba a mchenga pamwamba pa phiko, koma m'mphepete munkatsala malo amene thabwa silinagwire, ndipo malowo ankadziwika ndi kamvekedwe kake kopanda kanthu ndikawagogoda ndi chala. Njira ya thumba imathetsa vutoli pogwiritsa ntchito mpweya umene watizungulira. Pamalo olingana ndi nyanja, mpweyawu umakankha chinthu chilichonse ndi mphamvu yopitirira pang'ono kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, ndipo mphamvu imeneyi ndi pafupifupi 1 bar. Mukaika phiko m'thumba la pulasitiki n'kukokamo mpweya mpaka geji yoyeza mphamvu ya kukoka itasonyeza 0.2 bar yokha, phiko lotalika mita imodzi ndi lotambalala masentimita 20 limapanikizidwa ndi makilogalamu pafupifupi 400 mbali iliyonse, kuyambira pakati mpaka kunsonga, popanda malo otsala.

Chipangizo chenichenicho ndi chitsulo chakuda chotsekedwa ndi kuwotcherera, cholemera makilogalamu angapo, chimene m'kati mwake muli mota ya magetsi ndi kapisitoni kakang'ono, zonse zitakhala pa masipuling'i komanso pamwamba pa oyilo. Makampani monga Embraco ndi Danfoss apanga makompulesa ochuluka a mtundu umenewu, ngakhale kuti yanga chizindikiro chake chinali chitafufutika kale pamene ndinkailandira. Kunja kwake kuli mapaipi atatu a kopa: ina yokoka, ina yotulutsa, ndi yachitatu yothirirapo gasi, imene iyenera kutsekedwa ndithu. Kuti mudziwe paipi yokoka, yatsani kompulesa kwa kanthawi n'kuika chala pakamwa pa paipi iliyonse, ndipo yokokayo idzagwira chala chanu. Ntchito yochotsa kompulesa ku firiji ndi ya munthu wokonza mafiriji, amene ali ndi zida zochotsera gasi mosamala. Mafiriji akale kwambiri ali ndi gasi wa R12, mmodzi mwa magasi owononga mpweya wa ozone amene mayiko anagwirizana kuwasiya pa pangano la Montreal la 1987, pamene ambiri a masiku ano ali ndi R600a, amene amayaka moto. Wokonza mafirijiyo mumupemphenso adule mapaipiwo ndi chida chodulira mapaipi m'malo mwa sowo, chifukwa tizitsulo tochokera ku sowo tikagwera m'kati timakawononga mavalavu, ndipo chitsulo chowotchereracho simungachitsegule kuti mutichotse.

Ubwino woyamba umene ndinauona ndi kusasokosera. Guluu wa epoxy amene ndimagwiritsa ntchito amafuna usiku wonse kuti aume, ndipo pampu iyenera kukhala tcheru nthawi yonseyo. Kompulesa ya firiji inapangidwa kuti izikhala m'nyumba momwe anthu akugona, choncho ikayaka mumangomva kung'ung'udza kwapansipansi, kenako zii. Ndimakondabe kuima pafupi nthawi imene ndayatsa koyamba, n'kumaonerera thumba likufota pang'onopang'ono, makwinya ake akuthawira m'mphepete, mpaka pulasitiki itakumbatira phiko moti mizere ya thabwa la balsa imaonekera bwinobwino. Ubwino wachiwiri ndi kulimba, chifukwa m'zaka ziwirizi sindinasinthe kanthu kalikonse ka m'kati mwake.

Mphamvu zake ndi zimene zinandiwonongera phiko loyamba. Ndinalumikiza kompulesa ku thumba mwachindunji, ndinaona muvi wa geji ukukwera, ndipo ndinapita kukatsuka zida poganiza kuti ndibwerera msanga. Pamene ndinkabwerera muvi unali utafika pafupi ndi 0.9 bar. Polystyrene yoyera, ija yopangidwa ndi timibulu, imayamba kuphwanyika ikapanikizidwa kupitirira pang'ono 0.2 bar, ndipo yanga inali itafinyika kotheratu. Nditatsegula thumba m'mawa mwake ndinapeza kuti mphepete ya kumbuyo yaphwatalala, phiko lapindika kunsonga, ndipo timibulu ta polystyrene tadinda mabanga pa thabwa ngati khungu la lalanje. Phiko limene ndinalidula mosamala kwa masiku atatu silikanathanso kuuluka, ndipo zinandipweteka mumtima. Polystyrene yolimba ija ya buluu kapena ya pinki imapirira mpaka cha m'ma 0.5 bar, koma nayonso sifuna mphamvu zonse za kompulesa.

Pamenepa ndi pamene swichi imalowa, ndipo ndikuona kuti munthu ayenera kuiganizira kwambiri kuposa pampu yeniyeniyo. Ntchito yake ndi kuzimitsa kompulesa mphamvu ya kukoka ikafika pamene mukufuna, ndi kuiyatsanso mpweya ukalowa pang'ono m'thumba. Yoyamba ndinapanga ndekha ndi sirinji yaikulu: mpweya ukakokedwa, ndodo ya sirinji inkalowa m'kati molimbana ndi sipuling'i, ndipo ikafika pamalo ena inkasiya kukhudza kaswichi kakang'ono. Inagwira ntchito miyezi ingapo, koma labala ya m'kati mwa sirinji inkamatirira kukazizira, moti tsiku lina inkazimitsa pa 0.2 bar, tsiku lina pa 0.3 bar, ndipo kusiyana kumeneko n'kokwanira kuwononga phiko la polystyrene yoyera. Pambuyo pake ndinagula swichi yokhala ndi kagalasi kosonyeza manambala, ya mtundu umene amaika pa makina a m'mafakitale. Swichi zoterezi zimayendera magetsi ochepa, ma volt 12 mpaka 24, ndipo sizingayatse kompulesa mwachindunji, choncho pakati pake pamafunika relay, swichi ina yoyatsidwa ndi magetsi ochepawo, yotha kunyamula magetsi ambiri amene mota imakoka poyamba kuzungulira. Chimene ndimayamikira kwambiri pa swichi imeneyi n'chakuti imalola kusankha manambala awiri, lozimitsira ndi loyatsira. Pa polystyrene yoyera ndimaika 0.2 bar pozimitsa ndi 0.15 bar poyatsa.

Kutalikirana kwa manambala awiriwa kuli ndi chifukwa chake, ndipo ndinachidziwa usiku wina nditamva kompulesa ikubuula kwa masekondi angapo, kenako kaphokoso kakuti khe, kenako bata, n'kuyambiranso chimodzimodzi. Makompulesa ambiri a firiji ali ndi kachipangizo koyambitsira mota kotchedwa PTC, kamene kamatentha mota ikangoyamba kuzungulira ndipo kamafuna mphindi pafupifupi 5 kuti kazizire kasanagwirenso ntchito. Mu firiji zimenezi sizivuta, chifukwa kompulesa ikazima imapuma nthawi yaitali. Pa thumba lolowa mpweya msanga, swichi imaitana kompulesa patangopita mphindi imodzi, mota imakanika kuzungulira, ndipo kachipangizo koteteza mota kuti isapse ndi kamene kamadula magetsi ndi kaphokoso kaja. Mankhwala ake ndi thanki ndi valavu. Ndinatenga chitsulo chakale chozimitsira moto chimene chinali chopanda kanthu, ndinachitsuka, n'kuchiika pakati pa pampu ndi thumba, kuti mpweya wolowa pang'onopang'ono uzitenga nthawi usanatsitse muvi wa geji. Pakati pa thanki ndi kompulesa ndinaika valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha, chifukwa mavalavu a m'kati mwa kompulesa satseka mokwanira ndipo mpweya umabwerera kudzera momwemo. Kuchokera pamenepo, thumba likamatidwa bwino, kompulesa imayaka kwa masekondi osakwana 30 n'kupuma kwa theka la ola kapena kupitirira.

Kupuma kumeneku kumathandizanso pa kutentha. Mu firiji, gasi wozizira wobwerera ku kompulesa ndi amene amaziziritsa mota, ndipo mukaichotsa m'menemo chithandizo chimenechi chimatha. Ikayenda mosalekeza kwa ola limodzi chitsulo chake chimatentha moti simungachigwire ndi dzanja, choncho ndinaika kafani ka kompyuta pambali pake.

Chimene sindikondwera nacho mpaka lero ndi oyilo. Paipi yotulutsa imalavula timadontho ta oyilo tosaoneka bwino, ndipo oyilo ndi mdani wa epoxy, chifukwa akangofika pa thabwa kapena pa nsalu guluu sagwira. Ndinalozetsa paipiyo m'botolo lokhala ndi nsanza ndi kabowo pa chivindikiro, ndipo ndimaika chipangizo chonse pansi, kutali ndi tebulo logwirira ntchito. Oyilo wotayikayo ayenera kubwezeredwa nthawi ndi nthawi, koma popeza palibe poonera kuti watsala wochuluka bwanji, ndimayeza amene wagwera m'botolo n'kuthira wofanana naye kudzera pa paipi yothirira gasi ija. Kompulesa iyenera kukhala choimirira nthawi zonse, ngakhale poinyamula. Botolo lina laling'ono ndinaliika pafupi ndi thumba kuti lizikola guluu amene angakokedwe m'paipi, chifukwa epoxy akaumira m'mavalavu kompulesayo yatha ntchito. Pa za magetsi, chitsulo chakunja chiyenera kulumikizidwa ku waya wa earth ndipo mawaya onse akhale m'kabokosi kotsekedwa. Ngati ntchito ya magetsi simuidziwa bwino, itanani wodziwa, popeza chipangizochi chimayaka chokha usiku inu mutagona.

Ndinayesapo pampu ya diaphragm (yokoka mpweya ndi labala yogwedezeka) yogula m'sitolo imene mnzanga anandibwereka kwa mlungu umodzi. Inalibe oyilo, inkayaka nthawi iliyonse popanda kudikira, ndipo inkachotsa mpweya m'thumba lalikulu msanga kuposa kompulesa yanga, imene imachedwa ndithu pa mapiko aatali. Koma phokoso lake linali lalikulu moti sindikanatha kuisiya usiku m'nyumba. Amene amamata mapiko ambiri mlungu uliwonse, kapena amene amagwira ntchito ndi nsalu ya carbon fibre pa zinthu zikuluzikulu, angachite bwino kugula pampu yotere. Amene amapanga kandege kamodzi kapena tiwiri pa chaka, ndipo ali ndi mtima wofatsa wolumikiza thanki, valavu ndi swichi, kompulesa ya firiji idzawakwanira. Pa vuto la kuchedwa ndimayamba ndakoka mpweya wambiri ndi makina okoka fumbi m'nyumba, kenako n'kusiyira kompulesa kuti imalize.

Mwambo umene ndautsatira pa phiko lililonse kuyambira nthawi ya phiko lophwanyika lija ndi woyesa thumba ndisanasakanize guluu. Ndimaika phiko louma m'thumba pamodzi ndi nsalu yopitisa mpweya, ndimamata pakamwa pa thumba, ndimakoka mpaka 0.2 bar, kenako ndimazimitsa magetsi n'kuyang'ana wotchi. Muvi ukatsika m'mphindi 10 zoyambirira ndimayendetsa khutu m'mphepete mwa thumba kufunafuna kamluzu ka mpweya wolowa, ndipo kawirikawiri ndimakapeza pa khwinya la pakona kapena pamene paipi yalowera m'thumba. Ndikatseka pamenepo ndi zomatira ndimayesanso, ndipo guluu ndimamusakaniza pokhapokha muvi ukaima malo amodzi.