Uphungu wa pa intaneti kwa odwala matenda a mgonagona: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndimadwala lupus. Awa ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo, n'kumalimbana ndi mfundo za mafupa, khungu, nthawi zina ngakhale impso. Sachizika, mankhwala amangowagoneka. Mwa anthu 10 odwala matendawa, pafupifupi 9 ndi akazi, ndipo ambiri amawayamba akadali pamsinkhu wogwira ntchito ndi kulera ana. Ndikulemba ndemangayi makamaka kwa anzanga odwala matenda okhalitsa, kaya ndi shuga, nyamakazi, impso kapena mtima, amene akufuna munthu wolankhula naye koma sakudziwa poyambira.

Chimene chinandikokera ku uphungu wa pa intaneti ndi thupi langali. Matenda akadzuka, kuvala ndi kutuluka m'nyumba imakhala ntchito ya tsiku lonse. Apa ndimakumana ndi mlangizi pa vidiyo ndili chigonere, pilo kumsana, kwa mphindi 50. Kumbali imeneyi ndilibe dandaulo.

Polembetsa amakupatsani fomu yaitali: msinkhu, ngati mukufuna mlangizi wamkazi kapena wamwamuna, ndi chimene chikukuvutani. Pa mndandanda wa mavuto pali nkhawa, banja, maliro, ntchito, koma matenda okhalitsa ndinachita kuwalemba ndekha m'kabokosi ka "zina". Ndikukhulupirira n'chifukwa chake mlangizi woyamba amene anandipatsa sanali wondiyenera. Anali munthu waulemu, womvetsera, sindingamunenere zoipa pa khalidwe. Koma za matenda a thupi sankazidziwa. Ndikamufotokozera kuti ndatopa, iye ankamva kutopa kwa munthu amene wagwira ntchito kwambiri, n'kundilimbikitsa kuti ndizidzuka m'mamawa kukayenda padzuwa kuti mtima uzisangalala. Wodwala lupus aliyense amadziwa kuti dzuwa ndi limodzi mwa zinthu zodzutsa matendawa. Tsiku lina anandifunsa ngati ululuwo sukuchokera m'maganizo. Ndinatseka foni ndili wosweka mtima kuposa mmene ndinaitsegulira, chifukwa funso limenelo ndinalimva kokwanira zaka zimene madokotala anali asanapeze chimene ndikudwala.

Chimene chinapulumutsa utumikiwu m'maso mwanga n'chakuti kusintha mlangizi n'kosavuta. Mumadina batani, simuuzidwa kuti mufotokoze chifukwa, ndipo simukumananso naye uja kuti mutsanzikane mwamanyazi. Ulendo uno ndinawerenga ndekha mbiri ya aliyense, kufunafuna amene analemba kuti anagwirapo ntchito m'chipatala ndi odwala ululu wokhalitsa kapena khansa. Ndinapeza mayi wina, katswiri wa zamaganizo, ndipo ndi iwowa amene nyenyezi zinayizi ndi zawo.

Kusiyana kunaoneka tsiku loyamba lomwe. Utumikiwu umatumiza mafunso 9 otchedwa PHQ-9, oyezera kuvutika maganizo pa masabata awiri apitawo, ndipo mapointi ake amayambira 0 kufika 27. Anga anali okwera ndithu. Mayiwa anawayang'ana n'kunena kuti, "Tiyeni tiwaone limodzi, amayi. Funso la kutopa, la tulo, la chilakolako cha chakudya ndi la kuika maganizo pa chinthu, onsewa matenda anuwa angawakweze paokha. Ndikufuna ndidziwe mbali imene ndi ya thupi ndi mbali imene ndi ya mtima." Palibe anali atandilekanitsirapo zinthu ziwirizi. Kenako anandifunsa mankhwala amene ndimamwa. Nditatchula prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa m'thupi, anafunsa ngati kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga kunayamba pamene dokotala anawonjezera mlingo wake. Kunali choncho kumene. Miyezi yonseyo ndinkadziona ngati ndasanduka munthu woipa kwa ana anga, osadziwa kuti mankhwala a mtundu umenewu amatha kusokoneza tulo ndi mtima. Sanandiuze kuti ndisiye, ndipo anatsindika kuti prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi. Anangondithandiza kulemba zoti ndikamuuze dokotala wanga.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa anthu ambiri amasokoneza. Mlangizi komanso katswiri wa zamaganizo amathandiza polankhula. Wolemba mankhwala a nkhawa kapena a kuvutika maganizo ndi dokotala, makamaka wa matenda a maganizo. Utumiki uwu ndi wolankhula basi. Ngati mukufuna mankhwala, mudzafunikabe dokotala, ndipo kwa ife omwa kale mankhwala ambiri n'kofunika kuti iye awaone onse pamodzi.

Njira imene mayiwa amagwiritsa ntchito kwambiri ndi ACT, yophunzitsa munthu kuvomereza zimene sangazisinthe n'kumachita zimene zili zofunika kwa iye, imene katswiri wa zamaganizo Steven Hayes anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980. Ndi mphukira ya njira ina ya uphungu yotchedwa CBT, ya dokotala wa matenda a maganizo Aaron Beck ya m'ma 1960, imene imaphunzitsa munthu kufufuza maganizo ake ngati ali oona. Vuto langa ndi lakuti maganizo anga ambiri owawa ndi oona. Sindidzachira, n'zoona. Impso zikhoza kudzakhudzidwa, n'zoonanso. Mlangizi woyamba ankayesa kunditsutsa pa zimenezi, ndipo ndinkangomva ngati akundinyengerera monga mwana. Mayiwa sanditsutsa. Funso lawo limakhala lakuti, poti zimenezi zilipo ndipo sizichoka, kodi lero mukufuna mukhale mayi wotani, mnzawo wa anthu wotani, ndi mphamvu zimene muli nazozi? Poyamba ndinakwiya nalo funsoli, ndinkaona ngati akundiuza kuti ndigonje. Panatenga nthawi kuti ndione kuti kulimbana ndi chinthu chosasinthika kunkandidya mphamvu zimene ndikanapatsa ana anga.

Chinthu chimene chandithandiza kwenikweni tsiku ndi tsiku ndi kagawidwe ka mphamvu. Odwala ambiri timachita zofanana: tsiku limene thupi lapepuka timachapa, kukolopa, kuyankha mauthenga onse, kuyendera anthu, pofuna kubweza ngongole ya masiku amene tinagona. Mawa lake thupi limatilipiritsa, tigonenso masiku angapo, tidzimvenso kuti ndife opanda pake. Mayiwa anandiuza kuti ndizilemba m'kope zimene ndachita ndi mmene thupi lamvera tsiku lotsatira. Titaliwerenga limodzi kopelo, zinaonekeratu kuti masiku anga oipitsitsa ankatsatira masiku anga abwino kwambiri. Tsopano ndimatchera alamu pafoni ndikayamba ntchito, ndipo ikalira ndimakhala pansi ngakhale ndikumva kuti ndikadapitiriza. Kusiya zovala zili m'madzi, theka lochapa theka losachapa, kumandipweteka mtima mpaka lero. Koma masiku ogona chigonere achepa.

Tinakambirananso za chisoni. Ndinkaganiza kuti munthu amalira maliro a wakufa basi. Iwo anandilola kulira munthu amene ndinali ndisanadwale, uja wothamanga, wosalephera kufika pa chochitika cha mnzake. Sanafulumire kunditonthoza. Anakhala chete, kundiyang'ana pa kamera, mpaka nditamaliza. Achibale amakukonda, koma ukayamba kulira amathamangira kunena kuti limba mtima, uchira. Ndimawamvetsa, nawonso amaopa. Koma pamafunika malo amodzi amene sukuyenera kulimba chifukwa cha wina aliyense. Tinayeserera ngakhale mawu oyankhira anthu onena kuti "koma mukuoneka bwinobwino", ndi mmene ndingakanire kuitanidwa popanda kupepesa kambirimbiri.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha lamulo lawo losinthira tsiku. Mukalephera kukumana ndi mlangizi osawadziwitsa maola 24 nthawi isanakwane, gawo limenelo limawerengedwa kuti latha. Kwa munthu wathanzi lamuloli n'lomveka, nayenso mlangizi nthawi yake ndi ya mtengo. Koma matenda athuwa satumiza uthenga dzulo lake. Ndinadzukapo zala zitatupa, kutentha thupi, mutu wosagwira, ndipo gawo langa linapita. Mayiwa anachita zotheka kundipezera mpata wina sabata yomweyo, koma uwo unali ubwino wa mtima wawo, osati dongosolo la kampani. Utumiki umene umalandira odwala okhalitsa uyenera kukhala ndi njira ya masiku ngati amenewa. Chinanso, intaneti ikafooka vidiyo imaduka, ndipo kudukidwa uli pakati pa kuulula zakukhosi n'kowawa. Tinagwirizana kuti zikatero tizingopitiriza pa mawu okha. Pemphani zimenezi tsiku loyamba.

Amene mukufuna kuyesa, musaope kumufunsa mlangizi mafunso musanamutsegulire mtima. Anathandizapo anthu odwala matenda a thupi okhalitsa? Akudziwa chiyani za matenda anu, ndipo ngati sakudziwa, ali wokonzeka kuwerenga? Angalole kulumikizana ndi dokotala wanu inu mutavomereza? Zimene mwalankhula zimasungidwa kuti, ndipo ndi pa zifukwa ziti pamene angaulule chinsinsi? Funsaninso chiphaso chake ndi bungwe limene linamulembetsa. Mlangizi wabwino sakhumudwa ndi mafunso otere, mayiwa anawayankha onse mosabisa.

Utumikiwu si wa pangozi, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera. Mlangizi sayankha usiku, mauthenga olemba amatha kugona tsiku. Ngati maganizo ofuna kudzipha akufikirani, zimene zimachitika ndithu kwa anthu amene akhala ndi ululu nthawi yaitali, musadikire tsiku lanu la vidiyo. Uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.